Mmene Mungamangire Mzinda Woyenda Bwino mu Cities: Skylines

Masewera a pa kompyuta a Cities: Skylines, amene anapangidwa ndi kampani ya Colossal Order ya mumzinda wa Tampere ku Finland n'kutulutsidwa ndi Paradox Interactive ya ku Sweden mu Marichi 2015, amakupatsani malo opanda nyumba ngakhale imodzi, msewu waukulu wofika m'mphepete mwa malowo ndi ndalama zokwana 70,000, kenaka n'kukusiyani kuti mumange mzinda. Mulibe mdani woti mulimbane naye, ndiponso palibe amene akukuwerengerani nthawi. Komabe ambiri oyamba kumene ndalama zimawathera mzinda usanaphuke n'komwe, ndipo amene apulumuka pamenepo amakakodwa patsogolo, pamene magalimoto aima ndondondo kuchokera pakhomo la mzinda mpaka kumafakitale, zinyalala zaunjikana m'makomo ndipo anthu ayamba kusamuka. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi, ndilo kumanga mothamanga kuposa mmene thumba la mzinda ndi misewu yake zingapirire. Malangizo ali m'munsiwa akukhudza masewera oyamba a 2015, chifukwa achiwiri ake, amene anatuluka mu Okutobala 2023, ali ndi malamulo ena osiyana.

Posankha mapu, yang'anani okhala ndi malo aakulu athyathyathya komanso mtsinje woyenda bwino, ndipo muonetsetse kuti ali ndi njanji yolumikizana ndi kunja, chifukwa idzakuthandizani mzinda ukakula. Pa tsamba lomwelo pali posankha kuti magalimoto aziyenda kumanzere. Kwa ife amene tinazolowera kuyenda kumanzere m'misewu ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, n'kwanzeru kusankha pamenepo, popeza diso limaona msanga polakwika pa mphambano ngati magalimoto akuyenda mbali imene linazolowera, ndipo chisankho chimenechi sichisinthika mzinda ukayambika. Mukalowa, onetsetsani kuti nthawi yaima. Batani lalitali lapansi pa kiyibodi ndilo limaimitsa ndi kuyendetsanso nthawi, ndipo ndi bwino kumanga zonse zoyambirira nthawi ili chiimire, pakuti chilichonse chimene mwamanga chimayamba kudya ndalama zochisamalira sabata ndi sabata pomwe misonkho isanayambe kulowa.

Msewu waukulu umafika ndi mbali ziwiri, yolowera ndi yotulukira. Poyamba mumaloledwa msewu wa mizere iwiri wokha, koma mukangojambula kachigawo koyamba mitundu ina imatseguka. Talikitsani mbali ziwirizo kulowa mkati mwa malo anu, ndipo pamene zikukumana ndi misewu ya mzinda musiye bwalo lalikulu lopanda kanthu loti mudzaikepo raundabauti. Msewu umene ukuchokera pamenepo kulowa pakati pa mzinda musaike nyumba kapena masitolo m'mbali mwake, ngakhale malowo akuoneka okoma. Chifukwa chake n'chakuti tsiku limene mudzafune kuukulitsa kuti ukhale wa mizere inayi, nyumba zonse zimene zayandikana nawo zidzagwetsedwa. Misewu ya m'makwalala a nyumba yokha mutha kuiyamba yafumbi, imene ndi yotsika mtengo, n'kudzaithira tala ndalama zikapezeka popanda kugwetsa chilichonse, popeza kukula kwake n'kofanana.

Msewu uliwonse ukajambulidwa, m'mbali mwake mumaoneka timabokosi tinayi kuya kwake, kalikonse ka mamita 8 mbali zonse, ndipo m'timabokosi timeneti ndi mmene nyumba zimamera. Ngati misewu iwiri yoyandikana yasiyana timabokosi 8 pakati pake, palibe malo otayika. Inu simumanga nyumba za anthu, ntchito yanu ndi kupaka mtundu pa timabokosito: wobiriwira ndi wa nyumba zogona, wabuluu ndi wa masitolo, wachikasu ndi wa mafakitale. Mafakitale akhale kutali ndi nyumba, mbali ina ya msewu waukulu ngati n'kotheka, chifukwa amaipitsa nthaka yowazungulira ndipo anthu okhala pa nthaka yoipitsidwa amadwala. Masitolo akhale pakati, kapena m'mbali mwa makwalala otakata pang'ono, pakuti amachita phokoso limene nalonso limadwalitsa anthu ogona pafupi nawo.

Nkhani ya madzi ndi yaifupi koma yosakhululuka. Mukatsegula gawo la madzi, pamtsinje pamaoneka mivi yosonyeza kumene madzi akulowera. Pampu yokoka madzi akumwa iikidwe kumtunda, ndipo paipi yotayira madzi a m'zimbudzi iikidwe kumunsi, patali ndithu, monga mmene kumudzi potunga madzi akumwa pamakhalira kumtunda kwa pochapira. Mukasinthanitsa ziwirizi mzinda wonse umamwa zonyansa zake ndipo anthu amadwala nthawi imodzi. Zonse ziwiri zimafuna magetsi, ndipo ziyenera kulumikizidwa ku mapaipi oyenda pansi pa nthaka. Paipi iliyonse imathirira dera looneka ndi mtundu wabuluu mbali zake zonse, choncho palibe chifukwa choyala paipi pansi pa msewu uliwonse. Yalani motalikirana kuti madera abuluuwo angokhudzana. Ngati mwagwiritsa ntchito thanki yam'mwamba m'malo mwa pampu, isayandikire mafakitale, chifukwa imakoka madzi a m'nthaka imene yaimapo.

Pa magetsi muli ndi njira ziwiri poyamba. Makina amphepo amagulidwa 6,000 ndipo amapereka mpaka mamegawati 8 ngati aikidwa pamalo a mphepo yamphamvu, amene mapu amawasonyeza ndi mtundu wobiriwira kwambiri. Nyumba yopangira magetsi ndi malasha imagulidwa 19,000 ndipo imapereka mamegawati 40, koma imaipitsa nthaka komanso imadalira malole obweretsa malasha, kotero kuti msewu ukatsekeka magetsi amazima. Ine ndimaona kuti makina amphepo amodzi kapena awiri ndi okwanira poyambira, malasha n'kudzabwera mafakitale akachuluka, chifukwa 19,000 ndi gawo lalikulu la ndalama zoyambira pomwe kamudzi ka nyumba zochepa sikangamalize magetsi onsewo. Kumbukirani kuti magetsi amadumpha okha kuchoka pa nyumba ina kupita pa ina yoyandikana nayo, choncho nthambo zimafunika pokhapo pamene pali mpata waukulu, ndipo zikhoza kuchotsedwa nyumba zikadzaza mpatawo.

Musanayendetse nthawi, tsegulani bajeti. Ntchito iliyonse ya mzinda mutha kuipatsa ndalama kuyambira pa 50 mpaka 150 peresenti. Pampu imodzi imatulutsa madzi ochuluka kuposa amene nyumba zoyamba zikufuna, choncho tsitsani bajeti ya madzi, ndipo muchite chimodzimodzi ndi magetsi ngati alipo otsala. Dziwani kokha kuti mukatsitsa kufika pa theka, zimene makinawo amatulutsa zimatsika mopitirira theka, motero muziyang'ana miyeso yake kawirikawiri n'kumakweza pang'onopang'ono pamene anthu akuchuluka. Zonsezi zikatha, payenera kutsala ndalama zina m'thumba, chifukwa masabata oyamba mzinda umangoluza.

Pansi pa sikirini pali timizere titatu, tobiriwira, tabuluu ndi tachikasu, tosonyeza chimene mzinda ukufuna pa nthawiyo. Tsatirani timizere timeneti, koma musatitsatire mwaphuma. Kamzere kobiriwira kakakwera, pakani makwalala awiri kapena atatu, dikirani kuti nyumba zimangidwe ndi kudzaza, kenaka muonjezere ena. Kudikira kumeneku kuli ndi chifukwa chachikulu chimene woyamba kumene sangachione. Munthu wa m'masewerawa amakhala ndi moyo pafupifupi zaka 6 za m'masewera, ndipo anthu amene alowa mumzinda nthawi imodzi amakalamba limodzi n'kumwaliranso limodzi. Ngati munatsegula dera lalikulu tsiku limodzi, patsogolo pake maliro amagwa mazanamazana sabata imodzi, magalimoto onyamula maliro amalephera kufika paliponse, mitembo imakhalitsa m'nyumba, oyandikana nayo amasamuka, ndipo misonkho imagwa pomwe ntchito zikusowa ozigwira. Mzinda umene unakula pang'onopang'ono suona zimenezi, chifukwa mibadwo ya anthu ake ndi yosakanikirana.

Chiwerengero cha anthu chikamakwera, masewera amatsegula zinthu zatsopano pa magawo 13, kuyambira Little Hamlet mpaka Megalopolis, ndipo chiwerengero chofunika pa gawo lililonse chimasiyana malinga ndi mapu. Gawo loyamba limabweretsa dzala la zinyalala, chipatala chaching'ono, sukulu ya pulaimale, misonkho ndi ngongole. Lachiwiri, Worthy Village, limabweretsa ozimitsa moto, apolisi ndi mwayi wogawa mzinda m'madera okhala ndi malamulo awoawo. Gawo lililonse limabweranso ndi mphatso ya ndalama, ndipo chiyeso chake n'chakuti mugule zonse zatsopano tsiku lomwelo. Yambani ndi dzala, chifukwa zinyalala siziyembekeza, ndipo muliike kutali ndi nyumba koma pamsewu wabwino. Sukulu itsatire, kenaka chipatala, ndipo ozimitsa moto akatseguka akhale pafupi ndi mafakitale, kumene moto umabuka kawirikawiri. Musanamange chilichonse, funso lofunika kwambiri si mtengo wogulira koma ndalama zimene chidzadye sabata iliyonse.

Msonkho umayambira pa 9 peresenti. Mukhoza kuukweza mpaka 12 peresenti pa nyumba, masitolo ndi mafakitale popanda madandaulo, ndipo ndi bwino kutero tsiku lomwe watseguka, koma mukapitirira pamenepo anthu amayamba kung'ung'udza kenaka n'kusamuka. Ngongole yoyamba, ya 20,000, ndi yoyenera kutenga ngati ikukamanga chinthu chobweretsa anthu atsopano olipira msonkho. Ngati mukuitenga kuti mutseke dzenje la mzinda umene ukuluza sabata ndi sabata, yambani mwapeza chimene chikudya ndalama, apo ayi mungoonjezera chiwongoladzanja pamwamba pa vuto lomwelo.

Gawo lalikulu la luso m'masewerawa lili pa misewu, ndipo apa ndi poyenera kukhalitsa. Chilichonse mumzinda chimayenda pamsewu: wogwira ntchito, lole ya katundu, ambulansi, galimoto ya zinyalala, ya apolisi ndi ya maliro. Chipatala chimathandiza nyumba zimene ambulansi yake ingathe kufikako, osati zimene zayandikana nacho pa mapu. N'chifukwa chake mukaona zizindikiro za zinyalala kapena za odwala zitadzaza dera lina, musathamangire kumanga dzala lachiwiri kapena chipatala china musanaone ngati magalimoto amene alipo kale sanakodwe pamzere. Kawirikawiri kuonjezera nyumba za ntchitozi kumangoonjezera magalimoto pamsewu wotsekeka kale.

Kuti mumvetse chifukwa chake misewu imatsekeka, muyenera kudziwa mmene oyendetsa a m'masewerawa amaganizira. Aliyense amasankha njira yake yonse asananyamuke, ndipo amasankha imene ikuoneka yachangu potengera kutalika kwake ndi liwiro lololedwa, osasamala ngati njirayo yadzaza. Amalowanso msanga mumzere umene adzakhotere, ngakhale pokhoterapo pali patali. Zotsatira zake n'zakuti msewu wa mizere isanu ndi umodzi ukhoza kukhala ndi magalimoto onse atathinana mumzere umodzi pomwe ina isanuyo ili mbee, ngati onse akukakhotera mbali imodzi. Choncho kukulitsa msewu sikuchiza vuto lotere. Chimene chimachiza ndi kupatsa magalimotowo njira zingapo zopita kosiyanasiyana, makamaka khomo lachiwiri lolowera mumzinda kuchokera kumsewu waukulu. Mzinda wa khomo limodzi umatsamwa ndithu, ungakhale wokonzedwa bwino motani.

Misewu iyenera kukhala ndi maudindo osiyana. Msewu waukulu umanyamula magalimoto opita kutali ndipo ulibe nyumba m'mbali. Umathira m'misewu yapakati ya mizere inayi kapena isanu ndi umodzi, imene iyenera kukhala ndi mphambano zochepa ndi zotalikirana. Yapakatiyo imathira m'misewu yocheperapo yosonkhanitsa magalimoto a dera limodzi, ndipo imeneyi ndiyo imagawikana kukhala makwalala a nyumba. Kulakwitsa kofala ndi kulumikiza kakwalala kalikonse mwachindunji kumsewu wapakati, zimene zimadzaza msewuwo ndi maloboti oyandikana, moti mzere wa pa loboti ina umatseka mphambano yam'mbuyo mwake. Pamene misewu iwiri yotanganidwa ikudutsana koma magalimoto ake sakufunika kusakanikirana, kwezani umodzi ukhale mlatho kapena muulowetse pansi pa nthaka pogwiritsa ntchito mabatani a Page Up ndi Page Down. Raundabauti imagwira bwino ntchito ikakhala yaikulu mokwanira, ya msewu wopita mbali imodzi, yopanda maloboti komanso yopanda nyumba m'mbali mwake.

Malole ndiwo amalemetsa misewu koposa zonse. Fakitale imalandira zipangizo, imatumiza katundu kumasitolo, ndipo wotsala imamutumiza kunja kwa mzinda, zonsezi pa malole. Dera la mafakitale lipatsidwe polowera ndi potulukira pakepake pamsewu waukulu, kuti malole asadutse pakati pa nyumba, ndipo m'kati mwake misewu yopita mbali imodzi imathandiza kuti aziyenda mozungulira osadulana. M'madera a nyumba mutha kuika lamulo loletsa magalimoto olemera, koma muyambe mwaonetsetsa kuti pali njira ina yowadutsitsa. Sitima zonyamula katundu zikatseguka, siteshoni yake imachotsa malole ambiri pamsewu waukulu, ngakhale imawasonkhanitsa onse pakhomo pake, kotero iyenera kukhala pa kamsewu kakekake kopita mbali imodzi. Masitolo akayamba kudandaula kuti alibe katundu wogulitsa pomwe mafakitale alipo, dziwani kuti katunduyo ali pamsewu.

Njira yotsika mtengo yochepetsera magalimoto ndi kuthandiza anthu kuyenda pansi. Anthu a m'masewerawa amayenda mitunda yaitali ndithu ngati pali njira, ndipo tinjira ta oyenda pansi, timene timapezeka m'gawo lokonzera maonekedwe a malo (Landscaping), tikhoza kulumikiza makwalala awiri amene galimoto iyenera kuzungulira patali, kapena kudutsa pamwamba pa msewu waukulu kuchoka kunyumba kupita kumafakitale. Mabasi amatseguka pa gawo la Boom Town ndipo amafuna depoti. Mizere yake ikhale yaifupi, yolumikiza kumene anthu amagona ndi kumene amagwira ntchito kapena kugula, ndipo masiteji asaikidwe pakamwa penipeni pa mphambano. Sitima yapansi pa nthaka, imene imabwera pa gawo la Big Town, ndiyo imasintha zinthu kwambiri popeza siikhudza msewu konse. Mabasi akhale otengera anthu kumasiteshoni ake.

Maphunziro ali ndi msampha wake. Nyumba zogona zimakwera mpaka mulingo wachisanu, masitolo, mafakitale ndi maofesi mpaka wachitatu, ndipo kukwera kumeneku, kumene kumachulukitsa msonkho, kumadalira maphunziro a anthu, mtengo wa malo ndi ntchito za mzinda monga mapaki, apolisi ndi zipatala. Koma mafakitale a mulingo woyamba amalemba makamaka anthu osaphunzira, ndipo anthu ophunzira amakonda kufuna ntchito zoyenerana ndi maphunziro awo, choncho sekondale ndi yunivesite zikafalikira mafakitale amayamba kulira kuti alibe antchito ndipo ena amatsekedwa. Sindikuona kuti yankho lake ndi kutseka sukulu. Pa gawo la Big Town pamatseguka maofesi, amene amakhutitsa kamzere kachikasu komweko popanda utsi kapena malole, ndipo ndi bwino kuyamba kuika maofesi m'malo moonjezera mafakitale, n'kusiya mafakitale okwanira kudyetsa masitolo. Amene atsalawo apatsidwe ozimitsa moto, apolisi ndi mabasi kuti akwere mulingo n'kuyamba kulemba anthu ophunzira. Ngati mapu anu ali ndi nkhalango kapena nthaka yachonde, mutha kusandutsa dera kukhala la matabwa kapena la ulimi, zimene sizitha, pomwe miyala yamtengo wapatali ndi mafuta zimapindulitsa kwambiri koma zimatha pakapita nthawi.

Dzala ndi manda zimadzaza, ndipo sizingagwetsedwe zisanakhuthulidwe. Makina otenthera zinyalala akatseguka, lamulani kuti madzala akale akhuthulidwe limodzi ndi limodzi, osati onse pamodzi, chifukwa dzala limene likukhuthulidwa silitoleranso zinyalala za m'makomo. Malo oyamba akachepa mumaloledwa kugula ena oyandikana nawo, mpaka zigawo 9 mwa 25 za mapu, ndipo posankha muziyang'ana chigawo chokhala ndi mphambano ya msewu waukulu, njanji kapena kumtunda kwa mtsinje, osati kukongola kokha. Tsegulaninso m'makonzedwe a masewera njira yoti mzinda uzisungika wokha pakapita mphindi zingapo, makamaka ngati mukusewera pa kompyuta yopanda batire kumalo kumene magetsi amazimazima, ndipo musanagwetse mphambano yaikulu musunge mzindawo m'dzina lina kuti muthe kubwerera ngati zalakwika.

Pa Steam Workshop, malo a pa intaneti ogawirana zinthu za m'masewera, pali zoonjezera zambirimbiri zopangidwa ndi osewera, ndipo yodziwika kwambiri pa nkhani ya misewu ndi Traffic Manager: President Edition, imene imakulolani kulamula mzere uliwonse kumene ukhotere. Langizo langa n'lakuti mzinda woyamba muumange popanda zimenezi, popeza zida za m'masewera momwemo n'zokwanira kupeza vuto. Chithunzi cha kayendedwe ka magalimoto chimapaka misewu yotanganidwa mtundu wofiira, koma kufiira kokha si vuto ngati magalimoto akuyenda. Funafunani pamene aima, ndipo mutsatire mzerewo mpaka kumutu kwake, chifukwa chotchinga chimakhala pa galimoto yoyamba, osati pamene mzere watalikira. Mukafika pamenepo tsegulani chida chosonyeza njira za magalimoto, dinani msewuwo, ndipo mudzaona kumene onse odutsapo akuchokera ndi kumene akupita, komanso ngati ndi malole kapena magalimoto a anthu. Chida chomwecho chili ndi pochotsera maloboti kapena kuika chikwangwani choimitsa pa msewu wocheperapo. Sinthani chinthu chimodzi chokha, yendetsani nthawi kwa masabata angapo kuti magalimoto amene anali atasankha kale njira yakale amalize ulendo wawo, ndipo mukaona mmene mzere wasinthira mupite pa mphambano yotsatira.